Masamba Atatu a ku Kangemi

Ndinanyamuka ku South B, komwe ndinkakhala, Loweruka hafu pasiti seveni m'mawa, nditavala diresi ya kutchalitchi chifukwa ndinkapita kunyumba ya wodwala. Chinali chaka changa chachiwiri mu Nairobi, ndikuphunzira za mbewu zam'dimba pa koleji ina. Bungwe limene linkandilipirira linali litandisainitsa pepala, ndipo mzere umodzi wa papepalapo ndinkaudziwa pamtima: wopezeka ndi mlandu wa kupolisi, maphunziro ake athera pomwepo, abwerera kwawo. Kwathu ku Mponela anthu anali atayamba kale kunditchula kuti dokotala wa mbewu ndisanalembe n'komwe mayeso omaliza.

Amene anandiitana anali bambo Chimwaza, Mmalawi mnzathu wachikulire wokhala ku Kangemi, dalaivala wa bungwe lina, yemwenso ankatsogolera nyimbo Amalawife tikasonkhana kupemphera. Akazi awo, Anambewe, anali atadwala miyezi yambiri. Lamulungu lapitalo bambowa anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wanga, inu mwaphunzira za mbewu. Ndili ndi timbewu tanga m'nyumba, masamba akuchita chikasu. Mudzandionereko." Ine ndi mtima wanga wodzimva ndinangoti ameneyo ndi tomato, n'kuvomera nthawi yomweyo. Paja safunsa anadya phula.

Minibasi kumeneko amati matatu. Ya nambala 11 inandifikitsa m'tauni ndi mashilingi makumi awiri. Inali miyezi ija boma la Kenya linali litangolamula kuti mpando uliwonse ukhale ndi lamba, ndipo wokwera wosamanga lamba ankagwidwa limodzi ndi dalaivala. Anthu tinkakhala bwinobwino ngati ana asukulu pamaso pa ahedi, zopanikizana zija zitatha, koma mitengo itakwera. Ndinadutsa tauni wapansi mpaka pokwerera za ku Kangemi, pomwe kondakitala wa nambala 23 anandilanda mashilingi makumi atatu ndisanakhale n'komwe pansi.

Bambo wina wa jekete lachikopa amene ndinakhala naye atamva Chiswahili changa chotsimphina anandifunsa kwathu. Nditati ku Malawi anaseka, n'kuika zala ziwiri pamlomo ngati akusuta.

"Kwenu ndiye kuchimake kwa fodya wamkulu," anatero. "Simunatitengereko?"

Ndinamuyang'ana ndi diso lija la mwana wa a dikoni n'kumuuza kuti ine chamba ndimangochiona m'mabuku. Ndinatembenukira kuwindo mpaka tinadutsa Westlands n'kulunjika mumsewu wa Waiyaki.

Pamlatho wa Kangemi ndinatsika cha m'ma hafu pasiti naini. Pamenepo ndi msika wokhawokha: kabichi, mbatatesi, nsapato zakaunjika, ndi milu ya ndiwo zamasamba zimene iwo amati sukuma wiki. Bambo Chimwaza anali akundidikira, Baibulo lili m'khwapa ngati kuti ndi Lamulungu. Tinatsetsereka m'kanjira ka matope pakati pa nyumba zamalata, tikulumpha ngalande, iwo akundifunsa za mayeso, za makolo, za mvula ya kwathu, koma za mbewu osatchula. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, m'kati mwa mpanda wokhala mabanja ambiri, khomo lililonse likuyang'ana linzake.

Anambewe anagona pamatiresi pabalaza. Mayi amene ndinkawadziwa ali ndi thupi lawo, otsogola pa gule wa zikwati, anali atatsala mafupa okhaokha. Ndinagwada.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzukako, mwana wanga. Mwayenda bwino?"

Kenako bambo anatseka chitseko chakunja ndi loko, masanasana, n'kunditsogolera kuchipinda. Kuseri kwa katani, pansi pa windo lomatidwa ndi pepala la pulasitiki ndi babu yoyaka, panali zitini zinayi za mafuta ophikira, chilichonse chili ndi mbewu yake. Sipanafunike buku. Masamba ake anatambalala ngati zala za dzanja, m'mbali muli manomano. Ndinagwira khoma.

"Bambo, ichi ndi chamba."

"Tsitsani mawu, mwana wanga. Ndikudziwa." Anakhala pabedi, Baibulo lili pamiyendo. "Musandiweruze. Mayi anuwa akamwa mankhwala akuchipatala amangosanza, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Munthu wina anandiuza kuti ndiziwiritsa timasamba tiwiri m'tiyi. Akamwa amagona, m'mawa amapempha phala. Nanga ine mkulu wa mpingo ndingakaime pakona kugula kwa osuta? Ndiye ndinadzala ndekha. Tsopano onani, zikufa."

Ndinkafuna kuthawa, ndinene zoona. Kunja mayi wina ankachapa pafupi ndi windo lomwelo, ndipo chidebe chikagunda pansi ndinkadzidzimuka. Ndinkaona apolisi akugogoda, ndinkaona dzina langa m'nyuzipepala, ndinkaona bambo anga akundilandira pabwalo la ndege atazolika. Koma kuchokera pabalaza kunamveka kubuula kwa Anambewe, ndipo ndinapezeka ndagwada pafupi ndi zitini zija.

Tsamba lachikasu limanena lokha vuto lake, bola udziwe pomwe layambira. Akayamba kufuwirira ndi masamba akale apansi, tsamba lonse chimodzimodzi, mbewu ili ndi njala ya chakudya chokulitsa. Akakhala achikasu ndi masamba anthete akumwamba, mitsempha yokha itatsala yobiriwira, ndiye kuti mizu ikulephera kukoka ayironi m'dothi. Nsonga zikapsa n'kupindika, mwini wachulutsa feteleza. Mbewu za bambo Chimwaza zinali ndi zonse zitatu nthawi imodzi, ndipo kuseri kwa masamba kunali timadontho totuwa tomwe sindinadziwe ngati ndi tizilombo kapena fumbi.

"Madzi mumathirira kangati?"

"M'mawa, masana ndi madzulo. Ndikawamwetsa mayi anuwa, ndimathiriranso izi."

"Nanga chotuwa ichi pamwamba pa dothi n'chiyani?"

"Phulusa la pambaula. Kwathu m'dimba timatero. Ndinathiramonso feteleza wa chimanga, chitsekerero cha botolo chimodzi pachitini, monga timachitira pa phando."

Ndinanyamula chitini chimodzi. Chinali cholemera, pansi pake palibe bowo ngakhale limodzi, dothi likununkha ngati madzi a m'ngalande. Apo wina anagogoda pachitseko chakunja. Tonse tinauma. Anali mayi wochapa uja, akufuna kubwereka beseni, koma pomwe bambo ankabwerera ine thukuta linali kamukamu, mutu utasiya kugwira ntchito.

Kukoleji anali atatiphunzitsa kuti usamuuze mlimi matenda usanaliike tsamba pansi pa galasi lokuza zinthu. Umatenga masamba, umalemba, umalonjeza kubweretsa yankho. Ophunzirafe tinkadziwanso kuti imeneyi ndiyo njira yaulemu yotsanzikira mlimi ukafuna kuchoka msanga. Ndiye manja anga anachita zomwe anazolowera. Ndinathothola tsamba limodzi pansi, lina pakati, lina pamwamba, n'kuwaika mu envelopu yakhaki imene sinkachoka m'chikwama changa. Pamwamba ndinalemba mwaluso, monga ankafunira aphunzitsi: dzina la wotola, dzina la mlimi, malo, tsiku. Mpaka lero sindimvetsa kuti nzeru zanga zinali kuti.

"Ndikaona bwino kusukulu," ndinatero. "Yankho ndidzakupatsani Lamulungu la mawa lino likatha, linalo."

Potsanzika, Anambewe anandigwira dzanja. Zala zawo zinali zotentha. "Mutichiritsire timbewuto, mwana wanga. Ndito tikundigoneka."

Nthawi itangokwana thwelofu ndinali pamlatho paja. Ndinagula chimanga chowotcha cha mashilingi khumi, chopakidwa ndimu ndi tsabola, koma sindinachilume. Ndinakwera matatu yoyamba imene ndinaiona n'kukhala mpando wakumbuyo. Lamba wake analipo, koma chitsulo chomangira chinali chitathothoka. Nditamuonetsa kondakitala anangoti, "Shikilia tu," kutanthauza kuti ndingomugwirizira pamimba. Anzanga a mpando umenewo anali atachita kale chomwecho, aliyense dzanja lili m'chiuno ngati akudwala m'mimba.

Tisanalowe mu Westlands, wapolisi anakweza dzanja. Analowa wapolisi wamkazi, wamfupi, wosaseka, n'kuyamba kukoka lamba wa munthu aliyense. Atafika kwa ine anakoka kamodzi kokha, lamba n'kumutsatira.

"Shuka," anatero. Tsika.

Tinatsika anthu asanu n'kutiimika m'mbali mwa msewu, padzuwa. Ndinkadziuza kuti ndi nkhani ya lamba chabe, kuti ndipepesa, kuti ndine mlendo. Kenako mnyamata wina wa tayi amene anaima nafe anayamba kufotokoza ngati munthu wozolowera. Akuti galimoto ya polisi ikubwera, tikagona kusiteshoni, kukhoti Lolemba. Akuti kusiteshoniko amakhuthula chikwama chako patebulo n'kulemba chinthu chimodzichimodzi.

Apo m'pamene ndinakumbukira envelopu ija.

Sindinayambe ndaopapo chotero chibadwire. M'chikwama changa munali masamba atatu a chamba, dzina langa lonse, dzina la bambo Chimwaza ndi komwe amakhala, zonse m'zilembo zanga zokongola. Ndinali nditawalembera apolisi mlandu wonse ndekha, iwo kwawo kunali kungowerenga. Kutaya pansi sikukanatheka, wapolisi wina anaima masitepe asanu kuchokera pomwe ndinali, ndipo pansi panali poyera popanda n'kaudzu komwe.

Ndinalowetsa dzanja m'chikwama n'kutsegula envelopu ndi chikhadabo. Tsamba loyamba ndinalipinda m'chikhatho, ndinaluma chimanga, tsamba n'kulowa nacho limodzi. Linali lowawa, lokanda pakhosi ngati masamba a nkhwani osaphika. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu linakakamira kum'mero mpaka misozi inatuluka. Inatsala envelopu. Ndinaing'amba pang'onopang'ono m'chikwama momwemo, phokoso la magalimoto likundibisa, n'kuyamba kudya dzina langa.

Nditakweza maso ndinaona mayi wina wachikulire, mmodzi mwa asanufe, akundiyang'anitsitsa. Anaona zonse. Ndinati basi, zanga zada. Koma mayiwo anangosuntha n'kuima pakati pa ine ndi wapolisi, n'kutambasula nsalu yawo ngati akuikonza paphewa.

"Meza haraka, mtoto," ananong'ona osanditembenukira. Meza msanga.

Pepala lakhaki silitafunika. Limafewa n'kusanduka chibuluma chokana kutsika. Ndinameza Chimwaza, ndinameza Kangemi, ndinatsitsira ndi chimanga mpaka chitsononkho chinayera. Mayiwo sanandifunse kuti chinali chiyani, ndipo ine dzina lawo sindilidziwa.

Tinaima pamenepo ola lathunthu. Pamapeto pake anabwera wapolisi wamkulu, n'kuyang'ana malamba a mpando wakumbuyo uja, n'kunena kuti mlandu ndi wa mwini galimoto. Anatenga dalaivala ndi kondakitala, ife n'kutikupiza ndi dzanja kuti tizipita. Chikwama changa palibe anachikhudza.

Matatu ina sindinaifune. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Westlands mpaka m'tauni, ndikudikira misala. Kwathu tinakula tikumva kuti chamba chimapengetsa, ndiye ndinkadziyesa ndekha m'njira, kutchula mayina a abale anga motsatana, kuwerenga zikwangwani mokweza. Misala sinabwere. Chinabwera ndi m'mimba mopotokola basi, ndipo pafupi ndi mtsinje wa Nairobi ndinasanza chimanga chonse cha mashilingi khumi chija.

Ku South B ndinafika folo koloko. Ndinadzitsekera m'chipinda, ndinasamba, ndinatsuka m'kamwa katatu, kenako ndinatsegula buku. Sizinanditengere nthawi. Mizu inali ikumira m'madzi, ndipo phulusa linali litasintha dothi moti chakudya chinalimo koma mbewu sinkatha kuchikoka. Timadontho tija linali fumbi la phulusa lomwelo. Mbewuzo sizinkafa ndi njala, zinkafa ndi kusamalidwa mopitirira.

Lamulungu lolonjezedwa lija sindinapite kumapemphero a Amalawi. Linalonso sindinapite. Ndinkati ndikangoganiza za nambala 23, pakhosi pankandikanda. Bambo Chimwaza anatumiza uthenga kawiri kudzera mwa mnzanga wa m'kalasi, wongoti, "Muwauze kuti tikudikirabe," ndipo kawiri konse ndinati ndatanganidwa ndi mayeso. Anambewe anamwalira patatha miyezi iwiri, maliro anapita nawo kumudzi, ine ndinangomva.

Maphunziro ndinawapulumutsa, digiri ndinabwera nayo, ndipo ku Mponela amanditchuladi dokotala wa mbewu. Kuti tiyi uja ankathandizadi kapena ayi, ine sindidziwa, ndipo sindikuuza munthu kuti adzale chamba m'chipinda. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi wodwala anandipempha tulo, ndipo ine mantha anandichititsa kukhala chete ndi yankho lili m'manja. Zinkangofunika dothi latsopano, msomali umodzi woboolera zitini, ndi ine kukweranso matatu kamodzi kokha.