Waya Woyanikapo Zovala kwa a Girisi

Tonse pasiteshoni tinkawatcha a Girisi, chifukwa akakupatsa moni wa padzanja, mafuta akudawo unkafika nawo kunyumba. Ntchito yawo inali yosamalira waya wa masiginolo. Kalelo kunalibe zamagetsi. Ine ndinkakoka chitsulo m'kanyumba kanga, waya n'kuyenda pa timawilo m'mbali mwa njanji mpaka kukagwedeza mkono wa siginolo kutali uko, woyendetsa sitima n'kudziwa kuti alowe kapena aime. Kukatentha wayayo ankakhwefuka, kukazizira ankakungika, ndiye a Girisi ankangokhalira kumuyendera, kachitini ka girisi m'manja, sipanala m'thumba la ovolosi.

Kenaka kunabuka wakuba wodula waya. Kawirikawiri waya akaduka, mkono umabwerera wokha pa "ima", sitima n'kungochedwa. Koma tsiku lina nsonga yodukayo inakodwa pa kawilo, mkono n'kutsalira pa "lowa". Sitima ya katundu inadzaima mphuno ndi mphuno ndi ya anthu, amayi akusuzumira pamawindo, ana kumsana. Ndinaona ndi maso angawa.

"Ameneyu ndimugwira," anatero a Girisi, "kaya ndi mwana wa ndani."

Anali munthu wouma mutu, zoti nthawi zina ankanditopetsa. Akaweruka ankazungulira kwa okonza njinga, kwa otchera misampha, ngakhale m'makola a nkhuku za eni ake, kusuzumira waya aliyense. Anthu anayamba kuwaseka kuti girisi wawalowa m'mutu.

Nyumba zathu za kampani zinali zogundizana, ndiye tsiku lina tinabwerera limodzi. Titangokhota pampanda, a Girisi anaima chilili. Pabwalo pawo panali waya watsopano, zovala zili mbee. Pakati pake panali mfundo yopotera kumanzere, ndipo wamanzere pa njanji yonseyo anali iwo okha.

"Amake mwana, wayayu wachokera kuti?"

"Andipatsa achimwene," anayankha mkazi wawo akumwetulira. "Inutu zaka zonsezi mumangolonjeza."

Achimwene akewo ndi amene anamulera mayiyo makolo atamwalira, ndipo ntchito itawathera ankagona pabalaza pa a Girisi. Mlamuyo anali pakhonde, akusenda nzimbe. Mpeni unaima.

A Girisi anapukuta manja pa udzu, n'kuyamba kuanula zovala chimodzichimodzi, kupinda, kuika m'beseni. Anamasula waya uja, kumukulunga, n'kumukoleka paphewa.

"Alamu, valani nsapato. Ndikakupepeserani ndi pakamwa pangapa, koma kubisa ayi."

"Alamu, kanali kachidutswa chabe. Sindinadziwe kuti..."

"Mukanadziwa bwanji? Simunandifunse."

Mayi uja anagwada pafumbi, n'kuwagwira mwendo. "Abambo, chibale ndi fupa, sichiwola. Kwirirani kumunda, aona ndani? Anebawa sanganene."

A Girisi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi, ndipo kunena zoona sindikananena. Mtima wanga unali kwa mayiyo.

"Ndaona ndine," anatero a Girisi.

"Mukatuluka nawo pampandapa, ine simundipeza," anatero mkazi wawo.

A Girisi anatsegula kageti, mlamu wawo patsogolo, iwo pambuyo. Kupolisi anapepesadi, kukhoti anapepesanso mpaka mawu kusasa, koma mlamuyo analowa ndithu m'ndende. Mayi uja ananyamula mwana ndi beseni lake, n'kupita kwa abale ake. Ankhoswe anayenda mpaka nsapato kutha, osaphula kanthu.

A Girisi anagwirabe ntchito mpaka tsitsi kuyera, ndipo chitsulo changa sichinandivutepo m'manja. Ovolosi ankachapa okha n'kuyanika pa udzu. Ndinkawamvera chisoni kwambiri, ndipo tsiku lina, atakhala pakhonde akudya okha, ndinalephera kupirira.

"Anzanga, kodi simudandaula?"

"Tsiku lililonse," anatero, osadzutsa mutu. "Mwana wanga wakula osandidziwa. Koma atadulanso wina mawa, nditsegulanso kageti komweko."