Chinyama cha ku Japani ndi Damu la ku Luwawa

Ndikakumbukira a Chikuse, amene tinayandikana nawo nyumba ku Luwawa, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la utuchi wa paini wonyowa ndi mame, losakanikirana ndi utsi wa fodya wawo wopichira, kenako kulira kwa tupa pa mano a macheka, kwee, kwee, kuyambira m'mawa nkhungu isanachoke m'mitengo. Ntchito yawo pamalo ochekera matabwa inali yonola macheka. Anali mkulu wamfupi, wa miyendo ya matewe, wochokera ku Dowa, ndipo ife ana a m'nyumba za antchito tinkawatchula kuti agogo ngakhale panalibe ubale uliwonse. Ife kwathu ndi ku Embangweni. Bambo anga ankagwira ntchito yolondera nkhalango, ndipo m'banja mwathu ana tinalimo awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Lusungu.

Ndiyenera kufotokoza poyamba mmene mafilimu anafikira pamalopo. A Moyo, dalaivala wa lole ya matabwa, anagula wailesi ya kanema ndi deki yolowetsamo matepi kwa mbale wawo wochokera ku Joni, namanga chisakasa cha zotsala za matabwa, natseka mipata yonse ndi masaka. Loweruka lililonse masana jenereta ikalira, amayi ankafulumira kuanula zovala, amuna ankabwera utuchi uli m'tsitsi, ndipo tonse tinkapanikizana pamabenchi, mpweya uli wa dizilo, thukuta ndi chimanga chootcha. Matepi anali ochepa. Mwa ochepawo, amene anthu sankatopa nawo anali a ku Japani, oonetsa zinyama zazitali kuposa nyumba zosanja, zotuluka m'nyanja n'kumaponda mizinda.

Chijapani panalibe ankachimva, koma zimenezi sizinaletse munthu aliyense kukhala ndi maganizo ake. A Moyo ankanena kuti asilikali a m'mafilimumo ndi opanda nzeru, pakuti chaka ndi chaka amaombera chinyama ndi mfuti zomwe zija zinakanika chaka chatha. Amayi ena ankadabwa chifukwa chimene anthuwo amamangiranso nyumba m'mphepete mwa nyanja momwemo. Mphunzitsi wina wa kupulayimale ankati nkhani yonseyo ndi ya mabomba a pankhondo, koma anthu ankamuuza kuti akhale pansi akutchinga. Panalinso magulu awiri osagwirizana, lina lochemerera chinyama chonga ng'azi yoimirira, lina lochemerera chamapiko, ndipo mkangano wawo unkapitirira mpaka Lolemba pantchito.

Mkanganowo ukafika povuta, onse ankatembenukira kwa a Chikuse, amene ankakhala pabenchi yakutsogolo, chipewa chili pabondo. Iwo sankasamala za chimene chapambana ndewu. Ankayang'ana mayendedwe okha.

"Chamapikochi n'chachibwana," ankatero. "Chikuthamangira chiyani? Chinyama chenicheni chimayamba chaima, anthu achione. Chikatero chiponde kamodzi, fumbi lidzuke, chidikire fumbilo likhale pansi. Taonani chinzakecho. Mwaona phewa? Eyaa! Chimenecho chinaphunzitsidwa."

Chinyama chikayenda mowakhutiritsa, ankanyamuka mwaulemu, n'kukaika kandalama kachitsulo pamwamba pa kanemayo, monga amachitira anthu posupa wovina bwino. A Moyo ankaseka mpaka kutsokomola, koma kandalamako sankakabweza.

Tsopano ndifike pa tsiku limene linabweretsa vuto. Amayi ankapita kuchigayo, ndipo anandilamula kuti ndipite ndi Lusungu kulikonse kumene ndikupita. Iye anali atangoyamba kumene sukulu ndipo anali asanaonerepo kanema. Tinakhala pansi, patsogolo penipeni, pafupi ndi mapazi a agogo Chikuse. Filimu ili pakati, mnyamata wina dzina lake Gondwe, wothandiza amakaniko, anadumpha n'kuimitsa tepi.

"Wonani apa, mwaŵanthu!" anafuula akuloza ndi chala chamafuta. "Pabondo apa papindika ngati buluku. Ni munthu uyu, wavala labala, mbwenu! Tikuopa munthu mnzathu!"

Anthu anaseka, ena anamukuwiza kuti abwezeretse filimu. Koma a Chikuse anaimirira, ndipo nkhope yawo inali imene sindinaionepo.

"Iwe Gondwe, unaleredwa kuti? Pali ana pano, pali amayi. Zimenezo sizinenedwa."

"Asekuru, kodi ndanama?" anafunsa Gondwe, pakuti kwathu agogo aamuna timati asekuru.

"Chinyamacho chimachokera m'madzi ndipo chimabwerera m'madzi. Kwatha. Khala pansi."

Gondwe anakhala pansi akung'ung'udza, ndipo filimu inapitirira. Palibe anazindikira kuti Lusungu anamva mawuwo ndi makutu onse awiri.

Owerenga adziwe kuti njira ya kusukulu kwathu inkadutsa m'mbali mwa damu, limene madzi ake ndi akuda ndi odekha, ndipo m'mawa limafuka nkhungu. Lolemba lotsatira, titafika poonekera madziwo, Lusungu anaima chilili, kenako anakhala pansi m'njira n'kuyamba kulira mopanda mawu. Ndinamukoka, anakana. Ndinamubereka, anandiluma paphewa. Tsiku lotsatira zinali chimodzimodzi. Posakhalitsa analeka kudya bwino, ankadzidzimuka kutulo, ndipo ngakhale pamgolo wa madzi kuseri kwa nyumba sankafikapo.

Amayi anamuuza kuti zonsezo n'zabodza. Bambo anamuuza mofatsa, kenako mokalipa. Mphunzitsi uja anabwera kunyumba n'kujambula pansi mmene kanema amapangidwira. Gondwe yemwe anabwera, nayenda chokwawa pabwalo akubangula kuti mwanayo aseke. Kwa onsewa Lusungu ankayankha chinthu chimodzi: "Agogo Chikuse anati chimachokera m'madzi." Kwa iye, munthu wodziwa zinyamazo anali mmodzi yekha, ndipo munthuyo anali atanena kale.

Pamapeto pake bambo anagamula kuti Lusungu apite kukakhala ndi azakhali ku Embangweni, kumene kulibe damu panjira ya kusukulu. Amayi analira, pakuti mwanayo anali wamng'ono kwambiri. Ine mumtima ndinkadziwa kuti ana opita kwa azakhali sabwera msanga.

Ulendowo usanachitike, bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita kwa a Chikuse, ine ndikutsatira ndi kampando.

"A Chikuse, ndapota chomene," anatero bambo. "Mwanayu amamvera inu. Mungomuuza mawu amodzi, kuti mkati muja muli munthu. Basi."

A Chikuse anaika tupa pansi, nayang'ana macheka.

"A Nyirenda, pemphani china. Nkhuku ndikupatsani, ngakhale kumubereka mwanayo tsiku lililonse mpaka kusukulu ndimubereka. Koma mawu amenewo m'kamwa mwangamu sadutsa."

Bambo anabwerera ali okwiya, akunena kuti sanaonepo munthu wamkulu wokonda filimu kuposa mwana wa mnzake. Amene anamasulira nkhaniyi anali a Nabanda, akazi a a Chikuse, pamene ankatola nkhuni ndi amayi. Anati amuna awo anagula njira kudambwe ali mnyamata, ndiye kuti analowa Gule Wamkulu, ndipo munthu wotero sayankhula pamaso pa ana kapena amayi za chimene chili kuseri kwa chigoba, chikhale chigoba cha kwawo kapena cha kutsidya kwa nyanja. Anati kuno kumpoto amuna awo anakhala zaka zambiri osamva ng'oma ya kwawo, ndipo Loweruka m'chisakasa muja ndi mokhamo mmene ankawaona akuwongoka msana. Za Gule Wamkulu ine sindidziwa kanthu, ndipo m'nkhani ino sindikunenapo chilichonse. Ndangolemba zimene a Nabanda anauza amayi.

Tsiku la ulendo linafika. Lole ya a Moyo inali yoti ipite ku Mzimba Boma ndi matabwa, ndipo kumeneko bambo ndi Lusungu akanakwera galimoto ina. Kachikwama ka Lusungu kanali katamangidwa, amayi atamuveka juzi yofiira, iye atagwira dzanja langa mwamphamvu. Injini ikutenthetsedwa, tinaona a Chikuse akubwera, osavala ovolosi ya kuntchito koma malaya oyera.

"A Nyirenda, ndibwerekeni mwanayu pang'ono. Amayi, pepani, inu mutsale."

Lusungu anakana kusiya dzanja langa, choncho ndinapita nawo. Anatitengera kuseri kwa mulu wa matabwa, nanjuta mpaka maso awo analingana ndi a mwanayo. Anapukuta manja pamaondo ngakhale anali ouma.

"Lusungu, mdzukulu wanga. Chinyama cha ku Japani chija." Anatsitsa mawu. "Muli munthu."

Lusungu anawayang'anitsitsa. "Ngati a Gondwe?"

"Ayi, Gondwe ndi wamtali wopanda ntchito. Ameneyo ndi wamfupi ngati ine. Ali ndi amayi ake. Opanga filimu amamusokera chovala cha labala cholemera ngati thumba la chimanga, ndipo nyumba zimene amaponda zija ndi timabokosi tofika m'bondo muno. Akamaliza amavula, thukuta lili noninoni, n'kupempha madzi akumwa. Mwina amapemphanso mbatata."

"Nanga bwanji munati chimachokera m'madzi?"

"Ndinkamusungira ulemu. Munthu wavutika, watenthedwa, wayenda bwino chotero kuti inu muope, ndiye wina angomuvula pagulu? Koma sindinadziwe kuti iwe uopa mpaka kuleka kudya. Iyeyo atamva, sangakondwe."

Atatero anaimirira, natiuza kuti tiwatsatire. Tinayenda mpaka kudamu, Lusungu akubisala kumbuyo kwanga. A Chikuse anavula nsapato, napinda buluku, nalowa m'madzi ozizira a nyengo yachisanu mpaka m'maondo. Anaima mmenemo mano akugundana.

"Waona? Muno muli achule ndi nsomba basi. Ndipo achulewo akundidandaula kuti ndawaponda."

Lusungu anaseka koyamba m'masiku ambiri. Kenako anatola kamwala n'kukaponya m'madzi, nadikira. Palibe chinatuluka. Pobwerera anathamanga kutisiya m'mbuyo, ndipo asanafike n'komwe pa lole anali akufuula kuti anthu onse amve: "Amama! Adada! Muli munthu! Agogo anena! Amadya mbatata!" A Chikuse anaima m'njira, nsapato zili m'manja, natseka maso. Lole inapita ku Boma ndi matabwa okha.

Madzulo ake bambo anapita ndi tambala kukathokoza. "Yewo chomene, a Chikuse," anatero. Koma iwo anakana kumulandira. "Ndikalandira, ndiye kuti ndagulitsa," anayankha. A Nabanda anauza amayi kuti tsiku limenelo amuna awo sanadye.

Loweruka lotsatira Gondwe anali akuwadikira pakhomo la chisakasa.

"Asekuru! Ndamva kuti mwalapa. Ndiye bondo lija linali la ndani?"

"Iwe unanena kuti anthu akuone kuchenjera," anatero a Chikuse. "Ine ndinanena kuti mwana agone. Ndipatse njira."

Analowa, koma sanapite pabenchi yakutsogolo. Anakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanaweruzenso mayendedwe a chinyama chilichonse. Anthu akawafunsa, ankati, "Funsani Gondwe." Ndikuchitira umboni kuti mafilimu omwe aja sanakomenso monga kale, ndipo ngakhale Gondwe anavomereza zimenezi. Patapita zaka zingapo a Chikuse anapuma pantchito n'kubwerera ku Dowa, ndipo sitinamvenso za iwo. Lusungu anaphunzira pasukulu yomwe ija, akudutsa padamu m'mawa ndi masana, ndipo anakulira m'nyumba ya amayi ake.

Lero ndimakhala ku Mzimba Boma ndipo ndili ndi ana anga. Mafilimu a zinyama zija akupezekabe, ena atsopano opangidwa ndi makina a kompyuta, amene achinyamata amati ndiwo abwino chifukwa bondo silipindika. Maganizo anga, amene ndimawanena poyera paliponse, ndi akuti akale aja ndiwo oposa, pakuti munali munthu amene anatopa. Komabe mawu amenewa sindiwanena kwa mwana ndisanayang'ane nkhope yake. Posachedwapa ndinaonetsa mwana wanga wotsiriza filimu imodzi yakale pafoni. Chinyama chitatuluka m'nyanja n'kuima, iye anandigwira mkono.

"Adada, n'chenicheni?"

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Milomo sinali kunjenjemera. Maso anali akuwala, ndipo thupi lonse linali litaweramira kutsogolo.

"Taonera," ndinamuyankha. "Chikufuna kuponda."