Mphete za giya zapita ndi mpunga

Monire nonse. Malemu bambo anu ankandichenjeza kuti makaniko osamusiya yekha ndi chitsulo chatsopano. Ndawamvera mpaka ndaonjeza.

Mukukadziwa kagalimoto kothamanga ka mdzukulu wanga Lusekelo, kofiira kaja kokhala ngati kagwada. Ukalowetsa giya yachiwiri kamalira khwee! ngati ukukwecha mphika. Dzulo makaniko anamasula giyabokosi nkundionetsa timphete tamkuwa tothandiza giya kulowa mofewa, mano ake atatha ngati anga. Timphete tatsopano, tochokera ku Tanzania, anati tigone m'galimoto, adzaike lero.

Ine eti? Atangochoka ndinatikwirira pakati pa thumba la mpunga nkusoka.

M'mawa uno kwabwera wogula mpunga wa ku Mangochi. Maso anga onse anali pa sikelo kuti asandibere, ndipo sanandibere. Thumba lija ndamuthandiza ndekha kukweza pa lole.

Makaniko atabwera kudzafuna timphete tija, ndamuuza, iye wangogwira m'chiuno. "Amama, ndiye wakuba munkalondera uja ndi ndani?"

Lusekelo akubwera Loweruka, galimoto matumbo ali pamphasa. Ndikamuyamba bwanji mwanayu? Wina adutse adzandione, chonde, koma asandipatse kanthu koti ndimusungire.