Nkhunda za a Anselmo Sizimva Mluzu

Mukafika m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Mphunzi n'kufunsa kwa a Anselmo, anthu adzayamba akufunsani kuti, "Anselmo wake uti? Wa nkhunda uja?" Mukavomera adzakulozerani njira, koma adzayamba aseka kaye. Musakhumudwe, sakuseka inu.

A Anselmo ndi bambo wamfupi wa matewe, ndipo chipewa chawo cha ubweya sichichoka kumutu ngakhale dzuwa la Okutobala litaswa mtengo. Kwawo kwenikweni ndi cha kumalire a Mozambiki. Kuno adabwera ali mnyamata kudzagwira ganyu yokumba mbatatesi, ndipo m'munda momwemo adakumana ndi a Anastazia. Mawu oyamba a mtsikanayo sadali moni ayi. Adati, "Inu, mukukumba mbatatesizo kapena mukuzipha?" A Anselmo adayankha kuti khasu lake n'lopindika. A Anastazia adati chopindika ndi wogwira khasuyo. Chaka chisanathe awiriwa adadalitsa ukwati kutchalitchi, ndipo mlandu wa khasu uja mpaka lero sunagamulidwe.

Adalowa chikamwini. Munda ndi wakuchikazi, dimba ndi lakuchikazi, ngakhale mtengo wa mapichesi umene adaubzala ndi manja awo anthu amautchula kuti wa a Anastazia. Iwo sadandaula. Adalera ana, adafolera nyumba ndi malata, ndipo tsiku ndi tsiku ankakangana ndi akazi awo mokhulupirika ngati anthu opita kuntchito. Ankakangana za mchere, za chitseko, za amene wasiya wailesi ikulira yokha, za mbuzi imene idafa ana awo asanabadwe. Tsono mawu a a Anastazia si a masewera. Akatuluka amakagunda phiri n'kubwerera, moti a Anselmo amadzudzulidwa kawiri pa mlandu umodzi.

Kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa msewu, kuli chigayo cha a Jafali, mnzawo wa bawo. Tsiku lina a Anselmo atadyedwa bawo mochititsa manyazi, a Jafali adawamvera chisoni n'kuwapatsa nkhunda ziwiri, yaimuna ndi yaikazi.

"Tengani, achimwene, mukaweteko," adatero a Jafali. "Koma mwambo wake mukuudziwa. Nkhunda sizikhala pakhomo pa mikangano. Zikangomva phokoso zimasamuka. Ndiye kwanu kuja, kaya."

"Kwathu kuli phokoso lanji?" adafunsa a Anselmo.

"Ine ndimalimva chigayo chikulira," adayankha a Jafali.

A Anselmo adanyamula nkhundazo m'katoni, mtima uli dyokodyoko. Kwa nthawi yoyamba pamudzi uja adali ndi chinthu chawochawo, choti palibe angachitchule kuti n'chakuchikazi. Adadula mitengo ya bulugamu, adamanga khola lalitali kuposa denga la nyumba, ndipo atamaliza adaitana akazi awo n'kuwakhazika pakhonde ngati pali maliro.

"Amake Pilira," adayamba motero, poti mwana wawo woyamba ndi Pilira, "kuyambira lero pakhomo pano pasamamveke mkangano."

"Ndiye ine ndizikhala chete pamudzi pa amayi anga chifukwa cha mbalame?"

"Sindinati tisiye. Ndati tizikapangira kwina."

A Anastazia adawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumatewe. Koma nawonso sadafune kutchuka kuti ndi mayi amene adathamangitsa nkhunda ndi pakamwa. Choncho adagwirizana kuti nkhani ikabuka, onse awiri azitseka pakamwa, azikwera mtunda wa kuseri kwa nyumba, ndipo akafika pathanthwe lalikulu lili pamwamba pake, ndiye aliyense azimasula thumba lake.

Anthu a m'mudzi adaona zachilendo. Ankangoona nkhalamba ziwiri zikutuluka m'nyumba milomo ili tseke, masaya atatupa, zikulunjika kuphiri, a Anastazia patsogolo, a Anselmo pambuyo akukoka matewe. Anthu ankati, "Khoti lanyamuka." Thanthwe lija mpaka adalitcha dzina loti pa Milandu.

Vuto lake n'lakuti mtunda umenewu ndi wozyolika. Pofika pamwamba onse amakhala ali wefuwefu, mpweya wokalipira palibe. Ankakhala pansi kuti apume kaye. Kenako wina ankaona kuti kabichi wa m'dimba mwawo akuoneka bwino ukamuonera kumtunda, winayo n'kutsutsa kuti ameneyo ndi kabichi wa eni ake, ndipo nkhani imene adabwerera ankaiiwala. Potsika a Anastazia ankatola nkhuni kuti ulendo usapite pachabe. Koma masiku ena mayiwa ankausenza mkanganowo mpaka pamwamba osatayikira ngakhale dontho, ngati ndowa ya madzi, ndipo tsiku lotero a Anselmo ankatsika makutu akulira.

Nkhunda zidaswana mpaka khola kudzaza. A Anselmo adasanduka munthu wina. M'mamawa asanapite kudimba ankaima pansi pa khola n'kuimba mluzu, kenako ankawaza kachimanga kokwana m'dzanja limodzi, n'kunyamuka ali nyadu. Pabawo ankadzitama kuti chinsinsi cha nkhunda ndi mluzu, si aliyense angathe. Kupha ndiye kudali koletsedwa. Ndiwo zikasowa, a Anastazia ankayang'ana kukhola, a Anselmo n'kuyang'ana kumwamba ngati akupemphera.

"Alesi okhaokha," ankatero a Anastazia. "Kudya ndi kuipitsira zovala pachingwe basi. Zatengera mbuye wawo."

Zinthu zidasokonekera chaka chimene Pilira adali woyembekezera. Iye amakhala ku boma ku Dedza, ndipo masiku ake atayandikira adaitanitsa mayi ake kuti akamudikirire. Tsiku lonyamuka a Anselmo adawaperekeza kumsewu, pafupi ndi chigayo, pamene padali amayi ambiri odikira kugayitsa. Wanjinga yamoto akumanga katundu, a Anastazia adali akupereka malangizo: mbuzi azimange msanga, mbeu ya mbatatesi isanyowe, bulangete lofiira asalitulutse panja. A Anselmo ataona kuti anthu akumvetsera, adafuna kuonetsa kuti nawonso ndi bambo.

"Pitani bwino, amake Pilira," adatero mokweza. "Nkhunda zanga zipumeko pakamwa panupo. Nanenso makutu apoleko, zaka zonsezi ndavutika."

Amayi aja adafa nacho chikhakhali. A Anselmo adadikira yankho, atakonzeka kale kulibweza. Koma yankho silidabwere. A Anastazia adangowayang'ana, adakonza mpango wawo, n'kukwera njinga. Fumbi litatha, a Jafali adapukusa mutu n'kulowa m'chigayo.

Masiku oyamba a Anselmo adakondwa. Wailesi inkalira mpaka mabatire kutha, bulangete lofiira lidatuluka panja. Kenako adayamba kuona kuti nkhunda zikuchepa. Ankaimba mluzu, zinkangowayang'ana ndi diso limodzi. Pomwe uthenga unkafika woti Pilira wachira, mwana wamwamuna, khola lidali pululu, mwangotsala nthenga. Nkhunda zonse zidali ndandanda padenga la chigayo cha a Jafali.

Anthu sadawasiye. "Nkhunda zimathawa mkangano," ankatero. "Nanga a Anselmo ali okha, akukangana ndi ndani? Ndi poto?"

A Anastazia adakhalitsa ku boma kuposa m'mene zidayenera kukhalira. Atabwera, a Anselmo adathamangira kukawalandira katundu, mtima uli m'mwamba poganiza kuti tsopano alandira zawo: nyumba yosasesa, bulangete lodyedwa ndi mbuzi, khola lopanda kanthu. Adali atakonzekera ngakhale kukwera kuthanthwe. Koma a Anastazia adayang'ana zonsezo, adagwada mwaulemu, n'kunena ndi kamawu kofewa kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?"

A Anselmo thupi lidachita tsembwe. Chikwatirane sadatchulidwepo kuti bambo mwa mtundu umenewo.

Kuyambira tsiku limenelo pakhomo padagwa mtendere woopsa. Madzi osamba ankafika pa nthawi yake. Tiyi ankabwera ndi mawu akuti "zikomo, bambo." Akanena kuti kunja kukuzizira, yankho linkakhala "indedi, bambo." Akanena kuti kukutentha, "indedi, bambo." Anansi adayamba kudzuka mochedwa chifukwa chowadzutsa chidasowa. A Anselmo chakudya chidasiya kutsika. Paja amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Za nkhunda adasiya n'kuziganiza komwe. Chimene ankachifuna ndi mawu aja, ogunda phiri n'kubwerera, ndipo adachita mantha kuti mwina adawapha okha pamsewu paja, pamaso pa anthu.

Kupepesa ankafuna, koma lilime lawo silidaphunzirepo ntchito imeneyo. Choncho adaganiza zoputa dala. Adalowa m'nyumba ndi majombo a matope n'kuponda pamkeka. A Anastazia adasesa. Adathira mchere m'tiyi wa akazi awo ngati mwangozi. A Anastazia adamwa n'kuthokoza. Mapeto ake adatenga chitenje cha bungwe la amayi a kutchalitchi, chimene chimasungidwa pansi pa sutikesi, n'kuvundikira mbeu ya mbatatesi. Apa adaima patali, poti mlandu wotere kale ukadafika kwa ankhoswe. A Anastazia adachichotsa, adachikung'untha, adachipinda, ndipo adati, "Mukafuna chovundikira muzinena, bambo."

A Anselmo adapita kuthanthwe okha. Adakhala pamalo pawo pa nthawi zonse, n'kuyang'ana kabichi wa m'dimba, koma padalibe wowatsutsa. Misozi idalengeza, iwo n'kunamizira mphepo ya Juni.

Potsika adali atagamula. Khola lija ndilo lidabweretsa zonsezi, ndiye lipasuke. M'mawa mwake, nkhungu isanachoke, adatenga makwerero n'kuwatsamiritsa pakhola. Makwererowo adali akale, chiswe chitawalawa kale. Adakwera pang'onopang'ono, chikwanje chili m'manja, mpaka pamwamba. Atangoponda mtanda womaliza, udangoti thyo! Makwerero adagwa, chikwanje chidagwa, a Anselmo adatsala lendelende atakumbatira mtengo wa khola, matewe akupalasa m'malere.

A Anastazia adatuluka m'khitchini ndi lichero m'manja. Adaona amuna awo ali m'mwamba ngati mleme. Lichero lidagwa.

"Mayo ine! Bambo a Pilira! Kodi mutu wanuwo mumangosungiramo chipewa? Munthu wa zidzukulu kukwera mitengo ngati pusi! Mukufuna mufe kuti anthu azinena kuti ndakuphani ndine? Gwiritsitsani! Ndati gwiritsitsani, manja ngati a mwana! Mukagwa pamenepo ndikumenyani!"

Mawuwo adakagunda phiri n'kubwerera. Agalu adauwa. Kumsewu, amayi a pachigayo adatembenuka onse.

A Anastazia adakoka matumba a madeya n'kuwaunjika pansi pa khola, pakamwa posatseka. "Chitenje changa cha bungwe kuvundikira mbatatesi! Mumayesa sindinaone? Mchere m'tiyi! Matope pamkeka! Bulangete langa kudyetsa mbuzi! Ndipo khola mukulipasuliranji, lakulakwirani chiyani? Nkhunda zinathawa njala, inu! Mumayesa zinkakhuta mluzu wanuwo? Kachimanga ka m'dzanja limodzi, khola lonseli? Mukapita kudimba ankazidyetsa ndani? Ankakapempha misere kuchigayo ndani? Ndinkazikalipira tsiku ndi tsiku pano, zikudya m'manja mwanga!"

A Anselmo manja adatopa, ndipo adangoti phi! pamatumba paja. Madeya adati fwaa, munthu yense mbuu. Bondo lidawawa, koma adagona chagada osadandaula, chifukwa kumwamba adaona zimene sadaziyembekezere. Kuchokera kuchigayo kunkabwera nkhunda. Ziwiri, kenako gulu, mapiko ali phaphapha, zidazungulira nyumba n'kutera pabwalo, zina pamapazi penipeni pa a Anastazia. Kwa nkhundazo, mayi ameneyu akayamba kukalipa ndiye kuti chakudya chafika.

"Taonani, alesi anu aja abwera," adatero a Anastazia. Adatapa madeya n'kuwaza, kwinaku akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako adatembenukira amuna awo. "Nanga inu mukusekerera chiyani? Si paja munati makutu anu apole? Apola?"

"Apola mpaka afuna kuola," adayankha a Anselmo. Adavula chipewa, chinthu chimene sachita ngakhale kwa ansembe akakumana nawo panjira. "Ndinalakwa pamsewu paja, amake Pilira. Pakamwa panupo ndimapafuna."

A Anastazia adawerama n'kutola lichero lija, ndipo a Anselmo mtima udalumpha kuti mwina mtendere uja wabwereranso.

"Kupepesa kwake kumeneko, mutagona chagada ngati nkhumba ya pamsika? Tadzukani apo! Madeya anga onse mwamwaza!"

A Anselmo sadadzuke. Adayang'ana kudenga la chigayo, kumene kudatsala nkhunda zingapo zikusuzumira, n'kubwezera chipewa kumutu.

"Pitirizani, amake Pilira," adatero. "Kwezani pang'ono. Zina sizinafike."