Kodi analowa m'moto muja?

A Zuze, lero mdzukulu wanga wandionetsa pafoni munthu wouluka uja tinkaonera kumigodi ku Luka m'ma 1990, pa TV yanu yoyendera batire langa la galimoto. Ine ndinkati ndi bodza la ana. Munthu woti chipolopolo sichimulowa, kulimba mtima kwake kuli pati? Inu munkangoti, "Dikirani achimwene, tsiku lake likubwera." Linabweradi. Adani anamulanda mphamvu, iye anadzicheka chala n'kuona magazi ake koyamba, kenako anaima pakhomo la nyumba yoyaka, mwana akulira m'kati. Gawo la sabata imeneyo linathera pomwepo. Ndinati athawa basi. Inu munati, "Alowa. Ife si timalowa kheji yotsikira mumgodi m'mawa uliwonse? Waphunzira mantha, tsopano ndi mnzathu."

Sabata isanathe, mwala unakugwerani mumgodi. Alamu anu ananyamula TV pamodzi ndi batire langa, maliro asananyamuke n'komwe. Sindinawakhululukire, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati munthu uja analowa m'motomo. Mdzukuluyu akuti mathero ake alimo mufonimu, koma ndamuuza ayambe wadikira. Zikapezeka kuti analowadi, ndipita kuti kukavomera kuti munanena zoona?