Mphasa Pansi pa Malata

Zaidi ndi mwana wa Saida, mwana wanga woyamba, ndipo wofuna kumunena ayambe wadzera kwa ine. Anagwira ukalipentala ku Halale zaka zisanu. Anzake anabwerako ndi njinga ndi zipewa. Iye anagula malata, nasasula udzu panyumba yanga, nakhoma. Anthu ankachoka ku Bua kudzangoona denga likuwala.

Chaka chimenecho mwezi wa Ramazani unagwa m'chilimwe chenicheni. Masana m'nyumbamo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa, ine ndikusala, madzi osalawa. Koma kutuluka ayi. A Safiya, oyandikana nafe, ankakhala pansi pa mango kudikira tsiku loti ndithawe mphatso ya mdzukulu wanga.

"Mwapsa mbali imodzi?" ankakuwa a Safiya. "Tibwere tikutembenuzeni?"

"Muno mukuzizira, mayi! Inuyo ikukuwotchani ndi nsanje."

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinachita chizungulire, ndinagwa pakhomo. Zaidi anandinyamula, nandimwetsa madzi mondikakamiza.

"Agogo, bwanji osanena?"

"Ndinene kuti a Safiya akuseke?"

"Ndiye mufere malata? Mawa ndichotsa onse."

"Ukachotsa limodzi, kumaliro anga usadzabwere."

Zaidi si munthu wokangana. Anayang'ana m'mwamba nthawi yaitali, nati m'nyumba za azungu zimene ankamanga kuja, munthu saona malata ali m'kati. M'mawa anandisamutsira kwa amayi ake, iye natenga chikwakwa kupita kudambo.

Anadula bango, nasoka mphasa zisanu ndi ziwiri. Anapingasa nsungwi pamwamba pa makoma, nayala mphasazo, pamwamba pake nathira udzu wouma wa mpunga, wokhuthala kufika m'chigongono. M'mbali anasiya mipata kuti mphepo ya kunyanja izidutsa. Ntchito yonseyi ankagwira chogwada pansi pa chitsulo chotentha, naye akusala. Msana wake unasupuka. Mukadzamuona akusamba kunyanja, zipsera zija ndi za ine.

Atamaliza anadzanditenga dzuwa lili pamutu. Kunja malata onse ali mbee, palibe losowa. M'kati ngati pansi pa mkuyu.

"Tagonani tione, Agogo," anatero Zaidi, nakhala pakhomo.

Masiku onse otsala ndinasala m'nyumba mwanga, osaphonya. Za tsiku limene ndinabwerera lija Zaidi amauza anthu kuti ndinaliza mkonono mpaka anandimva kumzikiti. Limenelo ndi bodza, koma poti wanena ndi Zaidi, ndalisiya.