Kachombo Kamene Sikananene Kuti Kafika

Kwathu munthu ukayenda ulendo umanena kuti wafika. Ngakhale upite pa Lilongwe pomwepa, umapeza wina wobwerera kumudzi n'kumutuma kuti akawauze amayi kuti wafika bwino. Mwambo umenewu ndinkaudziwa bwino lomwe, koma m'chaka cha 2003 ndinauphwanya dala kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Ndinafika ku London mu Juni, satifiketi ya unamwino ili m'chikwama. Tinali titapangana ndi amayi kuti Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi azikakhala pabenchi ya golosale ina ya pa Linthipe, pamene panali foni, ine ndiziimba 2 koloko. Koma munthu amene anandilonjeza ntchito yakuchipatala anazimiririka ndisanamasule n'komwe chikwama. Lamulungu loyamba ndinati ndiimba ndikapeza ntchito. Ntchito ndinaipeza, yosambitsa ndi kudyetsa okalamba panyumba ina yowasamalira ku Woolwich. Ndiye ndinati ndiimba mapepala ondilola kugwira ntchito ya unamwino kuno akatuluka, pakuti amayi anali atauza mpingo wonse kuti mwana wawo ndi nesi ku Mangalande. Ndinkachita manyazi. Mayi wina wa kwathu amene tinkapemphera naye anandiuza mu Okutobala kuti wamva kwa abale ake kuti amayi akukhalabe pabenchi paja sabata ndi sabata. Ndinamuyankha mwaukali kuti asamale zake.

Panyumba ya okalamba ija panali madala ena achizungu, bambo mmodzi wokalamba, amene moyo wawo wonse ankakonza mawailesi ndi ma TV. Miyendo inali itawakana, koma pakamwa ayi ndithu. Ukamawaveka sokosi ankakuuza za mwezi, ukamawameta ndevu za mwezi zomwezo. Ine nkhani yoti anthu anaponda pamwezi ndinaimva kusukulu, ndipo ndinkaiona ngati zocheza za azungu okhuta. Tsiku lina ndinawauza choncho, poti pakamwa panga sipachedwa.

Sanakwiye. Anandituma kuti nditsegule kabati, nditenge envelopu yakale. Munali chithunzi chodula m'nyuzipepala, chosonyeza phazi la nsapato litadinda pafumbi.

"Kumeneko kulibe mphepo, kulibe mvula," anatero. "Phazi limeneli lilipobe mpaka lero. Inu ndi ine tidzapita, ilo lidzakhala lili pompo."

Ndinakhala pansi pamphepete mwa bedi, chinthu chimene sankatilola. Ndinaganiza za mapazi athu panjira ya kudimba, amene safika ndi madzulo omwe mbuzi zisanawafufute. Madala aja anapitiriza. Anati mu 1969 anatsegula TV mushopu mwawo, anthu n'kudzazana, ndipo mawu a anthu ali pamwezi ankafika m'makutu mwawo pasanathe masekondi awiri. Anati pamene awiri ankayenda pafumbi lija, wachitatu anatsala yekha m'chombo akuzungulira mwezi, ndipo akalowa kuseri kwake wailesi inkaduka. Dziko lonse silinkamumva, iyenso sankamva munthu aliyense, mpaka atatulukira mbali inayo. Tsiku limenelo pobwerera ku Thamesmead kumene ndinkakhala, ndinakhala pawindo la basi ndikuyang'ana kumwamba ngati mwana. Kunali mitambo yokhayokha, komabe khosi linandipweteka.

Chakumapeto kwa chaka anayamba nkhani ina. Akatswiri a dziko lino anali atatumiza kachombo kopanda munthu ku Mars, dziko lofiira lija limene usiku limaoneka ngati nyenyezi. Kananyamuka mu Juni, mwezi womwe ine ndinanyamuka, ndipo kankayembekezeka kutera pa Khirisimasi. Kukula kwake, anati, ngati mabeseni awiri ovundikirana. Kakatera kanayenera kutseguka, kutambasula mapiko ake otapa dzuwa, kenako kutumiza kanyimbo kafupi kodziwitsa eni ake kuti kafika.

Pa Khirisimasi ndinali pa shifiti yam'mawa. Ndinawapeza ali maso kale, akufuna jekete ndi tayi.

"Tayi ya chiyani, mukupita kuukwati?" ndinawafunsa.

"Tikulandira uthenga wochokera ku dziko lina. Simungaulandire mutavala zogonera."

Ndinawaveka, n'kuwakankha panjinga yawo ya olumala mpaka pa TV ya pabalaza. Anaonetsa chipinda chodzaza akatswiri, amuna ndi akazi akuluakulu, maso ali tcheru pamakompyuta. Nthawi inali itakwana kale. Kanyimbo sikanabwere. Mkulu wawo anayankhula ndi atolankhani akuyesa kumwetulira, koma nkhope yotero ndinkaidziwa, ndi ya munthu amene wadikira basi imene yadutsa kale koma sakufuna kuchoka pasiteji. Anati madzulo ayesanso ndi chimbale chachitsulo cha kumpoto kwa dziko lino, chachikulu kuposa tchalitchi chathu ndi bwalo lake lomwe, chotha kumva kamawu kofooka ngati ka foni yam'manja kuchokera kutali konseko.

Zimenezi zinandizunguza mutu. Anthu anapanga khutu lalikulu choncho, n'kulilozetsa kumwamba, kuti amve kanthu konga beseni kali pamtunda woti ngakhale mawu a wailesi amayenda mphindi zingapo asanafike. Ndinaima ndi thireyi ya tiyi m'manja mpaka tiyi anazizira.

"Mwina kawonongeka," ndinatero. "Mwina kakanika ntchito imene anakatuma."

"Ntchitoyo ndi ya mawa," anayankha madala aja osachotsa maso pa TV. "Lero sakufunsa ngati kapeza madzi kapena chamoyo. Akungofuna kanene kuti kalipo." Kenako anatembenuka. "Inu kwanu mwawaimbira kale? Kapena kumeneko Khirisimasi kulibe?"

Ndinawauza kuti amwe tiyi asiye kufunsa za eni. Ndinapita kuchipinda chochapira, n'kutseka chitseko, n'kulira pakati pa mashiti onyowa. Ndinkaona amayi atavala chitenje chawo cha Mvano, atakhala pabenchi, foni ikalira iwo n'kudzuka, mwini golosale n'kupukusa mutu kuti si yanu. Masabata oposa makumi awiri akuchita zimenezo. Ndinadziona kuti ndine wankhanza, ndipo mawu ena ofewerapo ndinalibe.

Lachisanu chimbale chija sichinamve kanthu. Loweruka chimodzimodzi. Madala aja ankavalabe tayi m'mawa uliwonse.

Lamulungu ndinagula khadi yoimbira kunja pashopu ina pafupi ndi msika wa Woolwich, n'kulowa m'kanyumba ka foni 12 koloko masana, kwathu ili 2 koloko. Manambala ndinawalakwitsa kawiri. Mwini golosale atayankha ndinangotchula mudzi wathu, iye osafunsa n'komwe kuti ndine yani. Ndinamumva akuitana, kenako phokoso la benchi ikukhwekhwerezeka.

"Amayi, ndine."

Mafoni a masiku amenewo mawu ankachedwa panjira, sekondi imodzi kapena masekondi awiri, koma ine ndinaona ngati chaka.

"Wafika?"

"Ndafika, amayi."

"Ambuye alemekezeke."

Ndinayamba kulongosola za munthu anandinamiza uja, za mapepala, za okalamba amene ndimawasambitsa. Mawu athu ankagundana panjira, ine ndikuyankhula iwonso akuyankhula. Nditakhala chete ndinamva akuti, "Zimenezo udzandiuza Lamulungu likubwerali. Ukudya koma?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinaphonye Lamulungu ngakhale limodzi. Mapepala anga a unamwino anatuluka patapita zaka ziwiri. Amayi anali atamwalira miyezi inayi m'mbuyomo, ndipo madala aja anali atatsogola kale. Ndikanadikira mapepala aja monga ndinkafunira, amayi akanapita osamvanso mawu anga.

Kachombo kaja anthu anakaiwala, inenso ndinakaiwala. Patatha zaka khumi ndi chimodzi, ndikumwa tiyi pa nthawi yopuma kuchipatala cha ku Romford, ndinaona pa TV kuti chombo china chozungulira Mars chakajambula. Kanali kadontho kowala pafumbi lofiira, pafupi ndi pomwe anakatuma. Sikanaphwanyike. Kanayenda ulendo wonse uja, kanatera bwinobwino, kanayamba kutseguka, koma mapiko ena anakanirira, n'kuphimba kachipangizo kotumizira mawu. Zaka zonsezo kanali pompo.

Mnzanga wina wa ku Chipata anandifunsa chimene ndinkalirira. Ndinaloza TV n'kumuuza kuti kanafika, koma eni ake sanamve.